Hastings Kamuzu Banda

Hastings Kamuzu Banda anali dokotala komanso mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi. Anatsogolera dzikoli kuyambira pamene linalandira ufulu mu 1964 mpaka 1994, poyamba ngati nduna yaikulu, kenaka ngati pulezidenti. Anamwalira pa 25 Novembala 1997. Kupatula ndale, amakumbukiridwa chifukwa cha maphunziro ake a ku America ndi ku Scotland, kukonda kwake Chilatini ndi Chigiriki, ndiponso sukulu ya Kamuzu Academy imene anamanga kuti ana a Malawi aphunzire zilankhulo zakalezi. Ulamuliro wake womwewo unaletsa mabuku ambiri ndipo unatsekera m'ndende olemba ndi aphunzitsi.

Ubwana

Kamuzu anabadwira kufupi ndi Kasungu. Boma lake linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Bambo ake anali Mphonongo Banda ndipo mayi ake anali Akupingamnyama Phiri. Dzina loti Kamuzu linabwera chifukwa cha mankhwala a mizu amene mayi akewo anapatsidwa kuti abereke. Dzina loti Hastings analitenga pobatizidwa, potsatira mmishonale wa ku Scotland, John Hastings.

Anayamba sukulu ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, kenaka anapita ku sukulu ya mishoni ya Chilanga imene inali pansi pa mishoni ya Livingstonia. Malume ake, Hanock Msokera Phiri, amene anaphunzira ku Livingstonia, ndi amene ankamulimbikitsa pa sukulu. Mu 1915, akulemba mayeso olowera maphunziro a uphunzitsi, Kamuzu anatulutsidwa m'chipinda ndi mmishonale T. Cullen Young pomuganizira kuti akuonera. Nkhaniyi inamutsekera njira ya maphunziro kwawo, ndipo posakhalitsa anachoka m'dziko muno.

Ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa

Anayenda wapansi mpaka ku Hartley, tauni imene lero ikutchedwa Chegutu ku Zimbabwe, ndipo anagwira ntchito pa chipatala cha kumeneko. Mu 1917 anapitirira ku South Africa. Anayamba wagwira ntchito pa mgodi wa malasha ku Dundee, kenaka anasamukira ku Johannesburg kumene anali kalaliki pa mgodi wa golide. Kumeneko analowa mpingo wa African Methodist Episcopal, umene unayambitsidwa ndi anthu akuda a ku America. Mpingowu, kudzera mwa bishopu W. T. Vernon, unamuthandiza kupita ku America mu 1925.

Maphunziro ku America

Sukulu yake yoyamba ku America inali ya sekondale ya Wilberforce ku Ohio, imene anamaliza mu 1928. Wilberforce anali malo amene Chilatini ndi Chigiriki zinkalemekezedwa kwambiri. W. E. B. Du Bois anaphunzitsako zilankhulozi kuyambira 1894 mpaka 1896, ndipo William Sanders Scarborough, amene anabadwa ali kapolo koma anadzalemba buku lophunzirira Chigiriki mu 1881, anali mkulu wa yunivesite ya Wilberforce kuyambira 1908 mpaka 1920. Pa nthawi imeneyo azungu ambiri ankati munthu wakuda amangoyenera ntchito zamanja. Kwa aphunzitsi akuda ngati amenewa, kudziwa Chilatini ndi Chigiriki kunali umboni wotsutsa maganizo amenewo.

Atachoka ku Wilberforce, Kamuzu anaphunzira ku yunivesite ya Indiana, kenaka ku yunivesite ya Chicago kumene analandira digiri ya mbiri yakale ndi ndale mu 1931. Ali ku Chicago anagwira ntchito ndi katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, amene ankamufunsa mawu ndi ziganizo za Chichewa n'kumazilemba. Ntchitoyi inabala buku la A Grammar of Chichewa limene linasindikizidwa mu 1937. M'chaka chomwecho Kamuzu anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, ku Tennessee.

Ku Britain ndi ku Ghana

Kuti aloledwe kugwira ntchito ya udokotala m'maiko olamulidwa ndi Britain, anafunika mapepala a kumeneko. Anapita ku Edinburgh ndipo anawapeza mu 1941. Anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields, kenaka ku London. Ku Scotland anakumananso ndi Cullen Young, ndipo awiriwa anamasulira m'Chingerezi nkhani zitatu za chikhalidwe zolembedwa ndi anthu a ku Nyasaland. Zinatuluka mu 1946 m'buku la Our African Way of Life.

Mu 1945 anakhala nawo pa msonkhano wa atsogoleri a anthu akuda ku Manchester. Anatsutsa kwambiri chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma chinakhazikitsidwabe mu 1953. M'chaka chomwecho anasamukira ku Kumasi, m'dziko limene lero ndi Ghana.

Kubwerera kwawo ndi ulamuliro

Atsogoleri achinyamata a Nyasaland African Congress, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anamuitana kuti adzatsogolere chipanichi. Anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Pa misonkhano ankalankhula Chingerezi ndipo wina ankamasulira. Ena mwa omasulira ake anali John Msonthi ndi John Tembo.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linamumanga ndi kumutsekera ku Gwelo, lero Gweru, mpaka pa 1 Epulo 1960. Chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho cha 1961, Kamuzu anakhala nduna yaikulu mu 1963, ndipo dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Patangopita miyezi iwiri anasemphana ndi nduna zake zingapo, ndipo zambiri mwa izo zinathawira kunja. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Mu ulamuliro wake yunivesite ya Malawi inatsegulidwa, likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo njanji inafika ku Mchinji.

Chilatini ndi Kamuzu Academy

Chilatini sichinali chachilendo m'Malawi. Mpingo wa Katolika unkachita Misa m'Chilatini mpaka m'zaka za m'ma 1960, ndipo ofuna unsembe ankachiphunzira m'maseminale monga ya Kachebere ku Mchinji, imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1939 kumalire ndi Zambia. Chimene Kamuzu anachita ndi kuchiika pakati pa maphunziro a ana amene ankafuna kuti adzakhale atsogoleri a dziko. Ankanena poyera kuti munthu wosadziwa Chilatini ndi Chigiriki sanaphunzire mokwanira.

Maganizo amenewa anali ndi mbali yooneka phindu lake kwa wophunzira Chingerezi. Mawu oposa theka a m'Chingerezi anachokera ku Chilatini, ena mwachindunji, ena kudzera m'Chifalansa. Wophunzira akadziwa muzu umodzi amatha kumva mawu ambiri osatsegula dikishonale. Muzu wa portare, kutanthauza kunyamula, umapezeka mu transport, import, export ndi report, ndipo Chichewa chinabwerekako mawu oti thiransipoti ndi lipoti. Muzu wa scribere, kutanthauza kulemba, uli mu describe, prescription ndi manuscript, amene ali ndi muzu winanso wa manus, dzanja. Mawu oti dokotala anachokera ku docere, kuphunzitsa. Federation, dzina la Chingerezi la chitaganya chimene Kamuzu analimbana nacho, linachokera ku foedus, pangano. M'maphunziro a udokotala maina ambiri a mafupa, minyewa ndi matenda ndi a Chilatini kapena Chigiriki. Nawonso mabuku akale a nthano a ku America, monga The Scarlet Letter la Nathaniel Hawthorne la 1850 ndi Moby-Dick la Herman Melville la 1851, ali ndi mawu ataliatali ochokera ku Chilatini, ndipo wodziwa mizu amawawerenga mosavutikira kwambiri.

Kamuzu Academy inatsegulidwa mu Novembala 1981 ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu anayambirapo sukulu. Inamangidwa motengera sukulu zotchuka za ku England monga Eton. Mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo mawu otsogolera sukuluyi ali m'Chilatini, onena za ulemu kwa Mulungu ndi dziko. Ophunzira ankasankhidwa m'boma lililonse potengera mmene akhozera mayeso ndipo sankalipira, kotero mwana wa mlimi wa kwa Mlonyeni ku Mchinji kapena wa msodzi wa ku Nsanje ankatha kulowa ngati wakhoza bwino. M'zaka zomwezo, kuyambira 1982 mpaka 1985, Caroline Alexander anakhazikitsa nthambi ya maphunziro a Chilatini ndi Chigiriki ku Chancellor College ku Zomba.

Sukuluyi inadzudzulidwa pa zifukwa zingapo. M'masiku a Kamuzu aphunzitsi ake onse anali azungu, ambiri ochokera ku Britain, ndipo Mmalawi sankaloledwa kuphunzitsapo. Chichewa sichinkaphunzitsidwa pa sukuluyi. Ndalama zochuluka zinkathera pa ana mazana ochepa pamene m'sukulu za pulaimale za kumidzi ana ankakhala pansi, ena pansi pa mitengo, opanda mabuku okwanira, ndipo ochepa kwambiri ndi amene ankapeza malo ku sekondale.

Chichewa, mabuku ndi olemba

Ngakhale sankalankhula Chichewa pa misonkhano, Kamuzu ankadziona ngati mlonda wa chilankhulochi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani chake unagamula kuti dzina loti Chinyanja lisinthe kukhala Chichewa ndi kuti chikhale chilankhulo cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, zimene zinakhumudwitsa anthu ambiri a m'chigawo cha kumpoto. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira kalembedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mawu. Kamuzu mwiniwake ankakonza Chichewa cha anthu ena, ankakondera kalankhulidwe ka ku Kasungu, ndipo ankalimbikira kuti dzina la dzikoli lizilembedwa Malaŵi.

M'chaka chomwecho cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa boma mphamvu younika ndi kuletsa mabuku, magazini, mafilimu, nyimbo ndi masewero. Mabuku ambiri analetsedwa, ndipo olemba angapo anakhala kunja kwa dziko, monga David Rubadiri ndi Legson Kayira. Jack Mapanje, wolemba ndakatulo komanso mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Buku lake la Of Chameleons and Gods linali litachotsedwa kale m'sukulu ndi m'masitolo.

Nkhanza sizinathere pa olemba okha. Mpingo wa Mboni za Yehova unaletsedwa mu 1967 ndipo anthu ake zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa mu Disembala 1981 m'dera la malire a Chipata ndi Mchinji, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, ndipo boma linati anafa pa ngozi ya galimoto.

Kutha kwa ulamuliro ndi imfa

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo, imene inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lina, ndipo Kamuzu anavomera kuti pakhale riferendamu. Mawuwa nawonso ndi a Chilatini, otanthauza chinthu choyenera kubwezedwa kwa anthu kuti agamule. Pa 14 Juni 1993 Amalawi ambiri anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Kamuzu anagonja kwa Bakili Muluzi wa chipani cha United Democratic Front.

Mu 1995 anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza koma khoti linamupeza wosalakwa. Kumayambiriro kwa 1996 anapepesa kwa mtundu wa Amalawi chifukwa cha mavuto amene anthu anakumana nawo mu ulamuliro wake. Anamwalirira ku chipatala cha Garden City ku Johannesburg ndipo anaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 Disembala 1997. Chiliza cha pamanda ake chinatsegulidwa mu 2006.

Zimene anasiya

Amalawi amasiyana maganizo pa Kamuzu. Ena amakumbukira misewu, zipatala, ulimi ndi mwambo wa m'sukulu, pamene ena amakumbukira ndende, kulandidwa katundu ndi abale amene anasowa. Bungwe la Chichewa Board linathetsedwa ulamuliro wake utatha, ndipo m'malo mwake munalowa Centre for Language Studies ya yunivesite ya Malawi, imene imagwira ntchito pa zilankhulo zonse za m'dziko muno. Chitumbuka ndi zilankhulo zina zinabwereranso pa wailesi. Kamuzu Academy idakalipo ku Mtunthama. Tsopano ili ndi aphunzitsi a Chimalawi, ophunzira ambiri amalipira, ndipo Chilatini ndi Chigiriki zikuphunzitsidwabe.