Norbert Wiener, katswiri amene adatsina khutu antchito

Mu August 1949, Walter Reuther, mtsogoleri wa United Auto Workers, bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a galimoto ku America, adalandira kalata yochokera kwa mphunzitsi wa masamu wa pasukulu ya ukachenjede ya MIT. Mwini kalatayo, Norbert Wiener, adafotokoza kuti kampani ina yaikulu idamupempha upangiri wa makina otha kuyendetsa okha ntchito ya m'fakitale, koma iye adakanitsitsa. Adachenjeza kuti makinawo abwera ndithu, ndipo antchito akagona tulo adzadzidzimuka ntchito zawo zitapita.

Chenjezoli lidali lolemera chifukwa cha amene adalipereka. Wiener adali mmodzi mwa akatswiri amene nzeru zawo zidabala makina omwewo.

Iye adabadwa pa 26 November 1894 mumzinda wa Columbia, m'chigawo cha Missouri. Bambo ake, Leo Wiener, amene pambuyo pake adaphunzitsa zinenero ku Harvard, adamuphunzitsa okha pakhomo ndi dzanja lolimba, mwakuti akaphonya samu ankamuthira mawu oluma. Mnyamatayo adalowa koleji ya Tufts ali ndi zaka 11, adatenga digiri ya masamu ali ndi zaka 14, ndipo pofika zaka 18 adali atapata digiri ya PhD ku Harvard. Kenako adakasula luso lake kwa Bertrand Russell ku Cambridge ndi kwa David Hilbert ku Göttingen. Mu 1919 adayamba kuphunzitsa ku MIT, komwe adakhala moyo wake wonse wa ntchito.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndiyo idatembenuza maganizo ake. Ndege zoponya mabomba zinkathamanga kwambiri, mwakuti woombera mzinga akaloza pomwe ndege ili, chipolopolo chinkafika ndegeyo itadutsa kale. Wiener ndi injiniya Julian Bigelow adayesa kupanga chipangizo choona momwe ndege yauluka m'masekondi angapo apitawo, n'kuwerengera pomwe ikhale posachedwa, kenako n'kukonza malozedwe ake chikaona kuti chaphonya.

Chipangizocho sichidafike kubwalo la nkhondo, koma chidamusiyira mfundo yaikulu. Woongolera ngalawa sagwira chiwongolero kamodzi n'kupuma. Amayang'ana komwe mafunde amukankhira, n'kubweza pang'ono, n'kuyang'ananso. Ayironi yamagetsi imene imadzizimitsa ikatentha kwambiri imachitanso chimodzimodzi, monganso dzanja la munthu likamatola kapu patebulo. Wiener adaona kuti zamoyo ndi makina zimadziwongolera m'njira yofanana: zimalandira uthenga wa zotsatira za zomwe zachita, n'kusintha kachitidwe. Mu 1948 adasindikiza buku lotchedwa Cybernetics, dzina lochokera ku liwu lachigiriki lotanthauza woongolera ngalawa. Bukulo lidali lodzaza masamu, komabe lidayenda malonda modabwitsa.

Pamene anzake ankakondwera ndi luso latsopanoli, iye mtima udali m'mwamba. Bomba la atomiki lidamuonetsa komwe nzeru za asayansi zimathera zikatuluka m'manja mwawo, ndipo mu 1947 adalengeza m'magazini ya The Atlantic Monthly kuti sadzaperekanso ntchito yake kwa opanga zida. M'buku la The Human Use of Human Beings la mu 1950 adatembenukira kwa antchito. Adati makina a nthunzi adatsitsa mtengo wa mphamvu za mikono ya munthu, ndipo makina owerengera adzatsitsa mtengo wa ntchito za ubongo zimene zimabwerezedwabwerezedwa. Adayerekeza makinawo ndi kapolo wosalipidwa, n'kunena kuti wantchito amene akupikisana ndi kapolo amakakamizika kuvomera malipiro a ukapolo.

Wiener sankadana ndi makina. Ankakhulupirira kuti angathe kumasula anthu ku ntchito zothyola msana ndi zotopetsa mutu. Chomwe chinkamudetsa nkhawa n'chakuti phindu lokha ndilo lidzagamule momwe makinawo alowere m'mafakitale, popanda mawu a anthu amene chakudya chawo chili pantchitozo. N'chifukwa chake adapita kwa atsogoleri a antchito. Reuther adaonetsa chidwi, ngakhale kuti mgwirizano wokhalitsa sudabadwe.

Si zonse zomwe adalosera zidachitika monga adanenera. Ulova woopsa kuposa wa m'zaka za m'ma 1930, umene ankauyembekezera, sudabwere m'nthawi yake, popeza chuma cha America chidakula ndipo ntchito zatsopano zidatseguka. Ena adamutcha wamantha, koma iye sadasinthe nyimbo. Mu 1960 adalemba m'magazini ya Science za makina ophunzira okha, monga pulogalamu ya Arthur Samuel yosewera drafuti. Adachenjeza kuti makina otere amachita zinthu mofulumira kuposa momwe munthu angawaletsere, choncho owapanga azitsimikiza kuti cholinga chimene awapatsa ndi chomwe akuchifunadi.

Kumayambiriro kwa 1964 pulezidenti Lyndon Johnson adamupatsa mendulo ya National Medal of Science. Patangopita milungu yochepa, pa 18 March, Wiener adamwalira ali paulendo ku Stockholm, ali ndi zaka 69, n'kusiya mkazi wake Margaret ndi ana aakazi awiri.

Lero makina a AI akulemba makalata, akumasulira zinenero, akuyankha makasitomala ndiponso akuthandiza mabanki kusankha woyenera ngongole. Ntchito zimene zili pachiswe tsopano ndi za m'maofesi momwe, monga iye adaneneratu. Mabungwe a antchito, makampani ndi maboma akukanganabe pa mafunso awiri amene Wiener adawasiya patebulo: ndani agamule ntchito imene makina apatsidwe, nanga phindu lake ligawidwe bwanji?