Sir Malcolm Watson (1873–1955), Sing'anga Wokumba Ngalande

Ambiri a ife tili nao agogo amene anachoka ku Chipata, ku Katete kapena ku Dowa napita kukagwira ntchito m'migodi ya mkuwa ku Nkana ndi ku Luanshya. Pakati pa anthu amene anathandiza kuti makolo athuwo abwerere kumudzi ali moyo pali mmodzi amene dzina lake silimveka kuno kwathu.

Malcolm Watson anabadwira kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland m'chaka cha 1873, naphunzira udotolo komweko. Ali mnyamata, mu 1897, dotolo wina dzina lake Ronald Ross anapeza ku India kuti kachirombo ka malungo kamakhala m'mimba mwa udzudzu. Kale anthu ankayesa kuti nthendayo ichokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Nzeru yatsopanoyo inalembedwa m'mabuku, madotolo naiwerenga, koma ochuluka a iwo anangopitiriza kupatsa odwala kwinini monga mwa masiku onse, udzudzu uli kuswana kuseri kwa chipatala.

Watson sanatero. Mu 1901 anamuika kukhala dotolo wa boma pa Klang m'dziko la Malaya, ndipo chaka chomwecho malungo anagwira anthu ambiri pa doko latsopano la Port Swettenham, mwakuti akulu analingalira zolitseka. Iye anapempha ndalama zodulira tchire ndi kukumbira ngalande. Madzi ataphwa, odwala anachepa ndithu.

Koma atatenga njira yomweyo kumka nayo ku minda ya mpira ya m'mapiri, siinathandize. Pamenepo ndi pamene tiona mtima wa munthuyu, pakuti sanaumirire. Anatunga madzi m'timitsinje, nayang'anitsitsa mphutsi zake, napeza kuti udzudzu wa kumapiri ndi mtundu wina, wokonda madzi oyenda oombedwa ndi dzuwa, pamene wa kuchigwa ukonda zithaphwi za mumthunzi. Kudula mitengo kunapha mtundu umodzi, koma kunakonzera malo mtundu winawo. Tsono kumapiriko anapititsa madzi m'mapaipi okwiriridwa pansi. Kuyambira pomwepo lamulo lake linali lakuti ayambe wadziwa udzudzu wa pamalopo asanagwire fosholo. Mfumu ya ku Mangalande inampatsa ulemu wa Sir mu 1924, ndipo mu 1928 analowa ntchito pa Ross Institute ku London.

Masiku omwewo anali kutsegula mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, kufupi ndi Ndola. Malowo anali oopsa. Malungo ndi nthenda ya mkodzo wakuda zinapha anthu, ndipo mbiri inabuka yakuti mumtsinje wa Luanshya muli chinjoka chachikulu chimene chikudya antchito. Ambiri anathawa, ena nakana kulembedwa ntchito kumeneko. Tisawaseke, abale; iwo anaona bwino lomwe kuti imfa ichokera kumtsinje, chimene anaphonya ndi kukula kwa chirombocho.

Eni mgodi anapempha thandizo ku Ross Institute mu 1929, ndipo Watson anadza nayendera madambo. Mitundu yoopsa inali iwiri. Wina, wotchedwa gambiae, uswana m'timadzi ta padzuwa, m'maenje okumbamo dothi la njerwa ndi m'mapondedwe a ng'ombe, makamaka nyengo ya dzinja. Winawo, funestus, ukhala m'madzi odikha a udzu ndi bango, ndipo sutha ngakhale m'chilimwe. Chotero analamula kuti mtsinje auongole ndi kuulambula kuti madzi athamange, madambo awaphwetse ndi ngalande, ndipo zithaphwi zotsala azithiremo mafuta kawirikawiri kuti mphutsi zilephere kupuma. Pa mazenera a nyumba anakhomapo mawaya a timaso tating'ono.

Ntchito yotere siitha tsiku limodzi, pakuti ngalande ikasiyidwa mwezi umodzi wa mvula imadzala. Anthu a kuno mazanamazana ndiwo anaima m'matope ndi makasu chaka ndi chaka, ndipo maina ao sanalembedwe. Tinenenso poyera kuti mawaya a pazenera ndi chisamaliro chabwino zinayamba kufika ku nyumba za Azungu, makomboni nabwera pambuyo. Komabe udzudzu wofa sulumanso munthu aliyense. Ophunzira amene anasanthula mabuku a mgodiwo mu 2001 anapeza kuti pa zaka zitatu kufikira zisanu, kudwala ndi kufa kwa malungo kunatsika ndi magawo 70 mpaka 95 mwa 100.

Njirayo inafika ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Nkana, kumene mzinda wa Kitwe unamangidwa mu 1936. Zonsezi zinachitika mankhwala opopera a DDT asanafike, nkhondo yachiwiri itatha.

Atakalamba, Watson analemba za ntchito ya ku migodiyo m'buku lotchedwa African Highway, losindikizidwa mu 1953. Anamwalira ku Surrey, ku Mangalande, m'mwezi wa December 1955, ali ndi zaka 82.