Louis Bachelier: Katswiri Wochedwa Kuyamikidwa

Mwa akatswiri a masamu, ine ndimasirira Louis Bachelier wa ku France. Iye anabadwira ku Le Havre m'chaka cha 1870. Makolo ake atamwalira, anayamba waimitsa maphunziro kuti alere abale ake ndi kuyendetsa bizinesi ya vinyo. Mu 1900, pa Yunivesite ya Sorbonne, anasonyeza mwa masamu kuti mitengo pa msika wa zachuma wa ku Paris imakwera ndi kutsika mosalosereka, kotero mwayi wopindula ndi woluza ngofanana. Ambiri sanalabadire. Ntchito yokhazikika ya uprofesa anaipeza mu 1927 ku Besançon, ali ndi zaka 57. Anamwalira mu 1946, ndipo luso lake linadzatchuka m'zaka za m'ma 1950. Anzanga, tisagwe ulesi tikapanda kuyamikidwa lero. Ntchito yabwino siola.