Mbiri ya Sir William Manning ndi Nyumba Yacifumu ya ku Zomba

Ambiri a m'Bungwe lathu akumbukira kuti kale boma lathu la Mchinji linali ndi dzina la Fort Manning, koma owerengeka okha ndiwo adziwa mwini dzinalo. Cifukwa cace tayesa cinthu coyenera kulemba mbiri yace m'lipoti la caka cino.

William Henry Manning anabadwa m'caka ca 1863, nafika m'dziko muno m'caka ca 1893 ali msilikali. M'caka ca 1898 asilikali a Boma, amene iye anali mkulu wao, anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kuseri kwa malire athuwa. Angoni anagonja, ng'ombe zao zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa. Linga limene Boma linamanga kuno linalandira dzina la mkulu wa nkhondoyo.

Pambuyo pace anayang'anira asilikali onse a King's African Rifles, ndipo m'caka ca 1911 anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. Pamenepo analowa m'nyumba yaikuru ya ku Zomba, imene inamangidwa m'caka ca 1901 patsinde pa phiri. Ali m'nyumbamo, m'caka ca 1912, Boma linakhazika lamulo loika mafumu akuluakulu kuti athangate ncito ya Boma m'midzi. Caka comweco anthu a ku Karonga anayamba North Nyasa Native Association, kholo la mabungwe onga lathuli. Manning anacoka m'caka ca 1913 kukalamulira Jamaica, pambuyo pace Ceylon, namwalira m'caka ca 1932.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, dzina lace linacotsedwa pa boma lathu. Koma nyumba ija sinagwetsedwa ai. Inasanduka nyumba ya Pulezidenti wa Malawi, ndipo ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975, iyo ikali ciimire. Alendo opita ku Zomba kukakwera phiri, kapena kukaona munda wa mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi ndi nsanja yokumbukira asilikali akufa pankhondo, amaipenya alikudutsa pamseu.

Tipempha makolo ndi aphunzitsi onse: potenga ana kunka ku Zomba, muwalozere nyumbayo, nimuwauze kuti munthu amene anagonjetsa makolo athu ndi mfuti anagona m'menemo, koma lero ndi nyumba ya mtsogoleri wosankhidwa ndi eni dziko.