Ernest Lawrence: Katungwe wa tizidutswa ta atomu

Madzulo ena m'chaka cha 1929, mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite ya California ku Berkeley ankasanthula magazini za sayansi m'nyumba yowerengeramo mabuku. Adapeza nkhani ya m'Chijeremani yolembedwa ndi Rolf Widerøe wa ku Norway. Chilankhulocho sankachimva bwino, koma chojambula chomwe chidali m'nkhaniyo chidamukwanira. Mphunzitsiyo adali Ernest Orlando Lawrence.

Lawrence adabadwa pa 8 Ogasiti 1901 m'tauni yaing'ono ya Canton ku South Dakota, m'dziko la America, kwa makolo omwe onse adaphunzitsapo sukulu. Digiri yake ya ukachenjede adaitenga ku Yale mu 1925, ndipo mu 1930 adakhala pulofesa ali ndi zaka 29 zokha.

Nthawi imeneyo akatswiri ankafuna kuswa phata la atomu kuti aone za m'kati mwake. Izi zinkalira tizidutswa tothamanga kwambiri, koma magetsi oti atikankhe kamodzi n'kamodzi adali aakulu moopsa. Lawrence adaona njira ina. Paja katungwe n'kukankhana: mwana sakwera m'mwamba ndi nkhonya imodzi, koma ndi kukankhidwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akamadutsa. Iye adaganiza zoti maginito azizunguliritsa tizidutswato, kwinaku magetsi ochepa akutikankha pa ulendo uliwonse mpaka liwiro litakula.

Makinawo adatchedwa cyclotron. Oyamba kugwira ntchito, omwe adapangidwa ndi wophunzira wake M. Stanley Livingston mu Januwale 1931, adali otambalala masentimita 11 okha, oti n'kukwana m'dzanja.

Koma kuthamangitsa ndi kwina, kuyeza ndi kwinanso. Mu 1933, pamsonkhano wa Solvay ku Brussels, Lawrence adalengeza zotsatira zomwe akatswiri a ku Cambridge adazikayikira. Pambuyo pake zidapezeka kuti zipangizo zake zidali zodetsedwa, ndipo iye adavomereza kulakwa. Chaka chotsatira, banja la Joliot-Curie ku Paris lidamutsogolera popeza njira yosandutsa zinthu wamba kuti zizitulutsa cheza, chinthu chomwe makina ake akadatha kuonetsa kale. Kuthamanga sikufika.

Manyaziwo sadamufooketse. Pamodzi ndi mng'ono wake John, yemwe adali dokotala, adayamba kugwiritsa ntchito cheza polimbana ndi matenda. Mu 1937 mayi awo atapezeka ndi khansa, abale awiriwa adawatengera ku San Francisco komwe adawawomba ndi cheza champhamvu cha X-ray, ndipo adakhalanso ndi moyo zaka zambiri. Mu 1939 Lawrence adapatsidwa mphoto ya Nobel.

Kenaka kudadza nkhondo. Lawrence adasintha nzeru za cyclotron n'kupanga makina opatula mitundu ya maatomu a uranium, yemwe amapezeka m'miyala yonga ija ya ku Kayelekera m'boma la Karonga. Makinawo adamangidwa ku Oak Ridge, ndipo zomwe adapatula zidalowa m'bomba lomwe lidapululutsa mzinda wa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945. Nkhondo itatha, iye adalimbikitsa zopanga bomba loopsa kuposa loyambalo, zomwe zidathandiza kuthetsa ubwenzi wake ndi Robert Oppenheimer.

Mu 1958 pulezidenti Eisenhower adamutuma ku Geneva kukakambirana zoletsa kuyesa mabomba otere. Kumeneko matenda ake a m'matumbo adakula, ndipo adamwalira ku Palo Alto pa 27 Ogasiti, ali ndi zaka 57.

Iye sadaone laser, kuwala kwamphamvu koyenda ngati ulusi umodzi, komwe kudapangidwa koyamba mu 1960. Koma ndi kuwala kumeneku komwe kukuthetsa vuto lomwe adasiya. Makina othamangitsa tizidutswa adakulirakulira, moti a ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndi ozungulira makilomita 27. Mu 1979 Toshiki Tajima ndi John Dawson adapereka nzeru yatsopano. Amene adawolokapo Shire pa Chiromo akudziwa momwe boti la injini limasiyira mafunde m'mbuyo mwake, mafunde otha kunyamula bwato la msodzi n'kulikankha. Laser ikadutsa mu mpweya wotentha kwambiri imasiyanso mafunde a magetsi, ndipo tizidutswa totchedwa ma electron timakwera pamenepo. Mu 2006, pamalo ofufuzira omwe Lawrence adakhazikitsa ku Berkeley, njira imeneyi idapatsa ma electron mphamvu yolingana ndi ya mavoti 1 biliyoni pa mtunda wa masentimita 3.3.

Kwa zaka zambiri Amalawi odwala khansa ankapita kunja kukalandira chithandizo cha cheza, chifukwa makina ake ndi okwera mtengo. Ofufuza akuyembekeza kuti laser idzachepetsa kukula ndi mtengo wa makina otere, ngakhale ulendo wofika m'zipatala ukadali wautali. Zikadzatheka, ntchito ya Lawrence idzakhala itabwerera komwe idayambira: ku makina ang'onoang'ono ndi ku bedi la wodwala.