Guy Clutton-Brock: Mzungu Amene Anakana Mpanda wa Tsankho

HARARE - M'nthawi ya atsamunda, ana a anthu ogwira ntchito m'mafamu a azungu ku Mashonaland, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, sankaloledwa kukhala m'kalasi imodzi ndi ana a eni mafamuwo. Lamulo linagawa malo, sukulu ndi zipatala potengera khungu. Mmodzi mwa azungu ochepa amene anakana mpanda umenewu ndi malemu Guy Clutton-Brock.

A Clutton-Brock anabadwira ku England m'chaka cha 1906 ndipo anaphunzira ku Cambridge. M'chaka cha 1949 anafika ku Southern Rhodesia pamodzi ndi mayi akunyumba kwawo, a Molly, nayamba ntchito ya ulimi pa mishoni ya St Faith's pafupi ndi Rusape. Kumeneko akuda ndi azungu ankalima ndi kudyera pamodzi.

M'chaka cha 1957 anathandiza kukhazikitsa chipani cha African National Congress cha m'dzikomo, ndipo mu 1959 boma linawatsekera osawazenga mlandu. Chaka chomwecho anatulutsa buku lotchedwa Dawn in Nyasaland, lotsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

M'zaka za m'ma 1960, iwo ndi a Didymus Mutasa anatsogolera gulu la Cold Comfort Farm kunja kwa mzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare. Famuyo inali m'dera lopatulidwira azungu, koma achinyamata akuda ndi azungu ankakhalira pamodzi, kuphunzira ulimi ndi kugawana zokolola. Palibe amene anawakakamiza. Aliyense anabwera mwa kufuna kwake. Chimene chinaopsa boma la a Ian Smith n'chakuti moyo umene linkati ndi wosatheka unkatheka pamaso pa onse.

Mu 1971 bomalo linatseka famuyo, ndipo a Clutton-Brock, amene anali atalandidwa unzika, anathamangitsidwa m'dzikomo. Panapita zaka zina zisanu ndi zitatu lamulo la maphunziro la 1979 lisanachotse tsankho la khungu m'sukulu za boma. Ngakhale pamenepo, fizi ndi malire a madera zinkatsekerezabe ana ambiri a m'mafamu.

A Clutton-Brock anamwalira ku Wales mu 1995. Dziko la Zimbabwe linawapatsa ulemu wokhala ngwazi ya fuko, mzungu woyamba kulandira ulemuwu, ndipo phulusa la mtembo wawo linatengedwera ku National Heroes Acre mu mzinda wa Harare.