Mayi Mary Sumner ndi nyumba ya ku Old Alresford

Amayi anzathu, dzina la Mayi Mary Sumner timalitchula chaka ndi chaka pa 9 Ogasiti, tsiku limene mpingo umawakumbukira. Tonse tikudziwa kuti ndiwo anayambitsa Mothers' Union, koma ndi ochepa amene amadziwa nyumba imene bungweli linabadwiramo.

Mary Elizabeth Heywood anabadwa pa 31 Disembala 1828 ku Swinton, pafupi ndi Manchester ku England. Bambo ake, a Thomas Heywood, anali a banki, choncho umphawi sanaudziwe. Mu 1832 banja linasamukira ku Hope End m'chigawo cha Herefordshire, ndipo kumeneko mayi ake ankasonkhanitsa amayi a m'deralo pakhomo pawo. Mary anaphunzira kunyumba, anadziwa zilankhulo zachilendo zitatu, komanso anali katswiri poimba. Ali ku Rome kukaphunzira zoimba anakumana ndi George Henry Sumner, mwana wa Bishopu wa Winchester. Ukwati wawo unachitika mu 1848, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Mu 1851 Bambo Sumner anapatsidwa parishi ya Old Alresford, kamudzi ka alimi m'chigawo cha Hampshire.

Tikamva kuti nyumba ya wansembe, ife kuno ku Chamama timaganiza za nyumba ya zipinda zitatu yofolera malata, imene akhristu aumba okha njerwa zake, atasonkha ndalama fodya atagulitsidwa. Kumeneko zinali zina. M'zaka za 1714 mpaka 1830, pamene ku England kunkalamula mafumu anayi otsatizana onse otchedwa George, kunafala kamangidwe kamene lero kamadziwika ndi dzina lawo. Nyumba zambiri zinali za njerwa zowotcha zofiira, zosanja kawiri kapena katatu. Khomo linkakhala pakati penipeni, mawindo ofanana kumanja ndi kumanzere, aatali ndithu, a timagalasi ting'onoting'ono, otsegula pokankhira m'mwamba. Amisiri ankakonda kuyala njerwa mosinthanitsa, ina m'litali ina m'lifupi, mzere wonse, kuti khoma likhale lolimba komanso looneka bwino popanda pulasitala. Aliyense amene anaonapo khoma la njerwa zopotoka za chikombole chakutha akudziwa kuti ntchito yotere imafuna njerwa zofanana.

Kumanga motero sinali nkhani yotchipa. Boma linkakhometsa msonkho pa mawindo kuyambira 1696 mpaka 1851, ndipo pa njerwa kuyambira 1784 mpaka 1850. Choncho munthu wodutsa pamsewu ankatha kudziwa chuma cha mwini nyumba pongowerenga mawindo. Mu 1776 kunakhazikitsidwa lamulo lolola ansembe kubwereka ndalama zomangira kapena kukonzera nyumba za parishi, ndipo m'midzi yambiri nyumba ya wansembe inakhala yachiwiri kukula, yoyamba ikhala ya mwini malo.

Old Alresford inali mudzi wotero. Tchalitchi chake cha St Mary chinamangidwanso ndi njerwa mu 1753. Pafupi pomwepo pali nyumba ya njerwa imene anamanga George Rodney, mkulu wa asilikali a pamadzi. Nyumba ya wansembe nayo inali yaikulu, yozingidwa ndi munda wa maluwa ndi mitengo. Wansembe amene analipo a Sumner asanafike, Francis North, anali wa banja la mafumu, ndipo anatchuka chifukwa chogwira maudindo angapo a mpingo nthawi imodzi ndi kulandira ndalama zake zonse. Mkazi wa munthu waganyu wa m'minda sakanalota zolowa m'chipinda chochezera cha nyumba yotere. Akakhala ndi vuto ankagogoda kukhomo la kuseri.

Mayi Sumner anakhala m'nyumba imeneyi zaka 25 asanayambe bungwe. Mu 1876 mwana wawo wamkulu, Margaret, anabereka mwana woyamba, ndipo agogo atsopanowa anakumbukira mantha amene anali nawo iwo eni atangokhala mayi, osadziwa poyambira. Anaitana amayi a m'parishi, olemera ndi osauka omwe, kuti abwere kunyumba kwawo. Kwa ife ichi ndicho chachikulu pa mbiri yawo. Taganizani mkazi wa mwini esiteti kuno ku Kasungu ataitana akazi a matenanti, osati kudzasankha fodya, koma kudzakhala pa mipando ya pabalaza ndi kukambirana za kulera ana ngati anthu ofanana.

Tsikulo litafika, Mayi Sumner anagwidwa ndi mantha mpaka kulephera kulankhula. Anapempha amuna awo kuti alankhule m'malo mwawo, amayiwo nauzidwa kuti abwerenso sabata yotsatira. Ulendo wachiwiri analankhula okha. Amayi amene mawondo amanjenjemera akapatsidwa pemphero pa msonkhano asadzione ngati achabe.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi bungweli linali la mudzi umodzi basi. Mu 1885, pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Portsmouth, Bishopu Ernest Wilberforce anawapempha mwadzidzidzi kuti alankhule kwa amayi amene anasonkhana. Mawu awo anakhudza anthu, ndipo Bishopu wa Winchester, Harold Browne, analandira Mothers' Union kukhala bungwe la dayosizi yonse. Pofika 1892 mamembala anali 60,000 m'madayosizi 28. Mu 1896 kunakhazikitsidwa khonsolo yaikulu, Mayi Sumner nakhala pulezidenti woyamba, ndipo mu 1897 Mfumukazi Victoria inavomera kukhala mtetezi wa bungweli.

Nthawi imeneyi banja linali litachoka kale ku Old Alresford n'kukakhala pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Winchester. Bambo Sumner anadzozedwa kukhala Bishopu wa Guildford mu 1888, ndipo anamwalira mu 1909. Mayi Sumner anamwalira mu Ogasiti 1921 ali ndi zaka 92, naikidwa pamodzi ndi amuna awo pabwalo la tchalitchi chachikulucho. Likulu la bungwe ku London, lotchedwa Mary Sumner House, linatsegulidwa mu 1925. Nyumba ya ku Old Alresford inaleka kukhala ya wansembe, ndipo kwa zaka zambiri dayosizi ya Winchester inkachitiramo misonkhano ndi mapemphero obindikira.